Mmene Ndinaponyera Alamu Kumwamba

Panyanja, kumpoto kwa Shetland
Lamulungu, 18 Okutobala 1981

Okondedwa achemwali anga a Nerys,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana, ndiponso kuti chifuwa cha Jago chija chinatha. Ine ndili bwino, kungoti kuno kukuzizira kwambiri moti tiyi amazizira munthu usanamufikitse pakamwa. Kalata yanu inafika pa helikopita ya makalata sabata yatha, pamodzi ndi masokosi amene Mayi anandilukira. Andikulira ndithu, akufika m'mawondo, koma musawauze. Ndikumawavala pamwamba pa ena ndipo anzanga onse akusirira.

Ndiyambe ndi zimene munandipempha, chifukwa ndikukudziwani, mukhala mukudumpha mizere kusakasaka yankho. Munati ndiwakhazike pansi alamu a Denzil, ine monga mlongo wanu komanso mnzawo wa pa sitima imodzi, ndiwauze kuti zaka zimene aulutsa ndege zankhondo zakwana, avomere ntchito ya kumtunda ija. Achemwali, sindinalankhule nawo, ndipo ndikuona kuti sindilankhula nawo. Musafulumire kung'amba pepalali. Werengani kaye zimene zachitika kuno Lachinayi lapitali, kenaka mundikalipire mmene mungafunire. Kalata ya alamu ibwera m'thumba limodzi ndi ino, ndipo ndikudziwa kale zimene alembamo: kuti nyengo si yabwino ndiponso kuti ophika akutidyetsa kabichi tsiku ndi tsiku. Zonsezo ndi zoona, koma si zonse.

Chitunda cha kutsogolo kwa sitima yathu mukuchikumbukira. Tsiku limene munabwera kudzatiperekeza ku Portsmouth munachiyang'ana n'kuseka, n'kunena kuti sitima yakweza mphuno ngati azakhali a Blodwen akamadutsa pakhomo pa bala. Inenso poyamba sindinkachikhulupirira. Ndinakulira pa zisitima zazikulu zakale zija, zimene zinkaponya ndege ndi legeni ya nthunzi, chinthu cha mapaipi ndi phokoso chofuna anthu ambirimbiri ochisamala. Ino ndi yaing'ono, legeni ilibe, ndipo bwalo lothamangirapo ndege ndi lalifupi, silikwana n'komwe mtunda wochokera pa tchalitchi chathu kukafika pa mlatho. Ndege zathuzi zimatha kunyamuka molunjika m'mwamba osathamanga, koma pokhapokha zikakhala zopepuka. Ukazithira mafuta okwanira ulendo weniweni zimalemera, ndipo zimafuna msewu umene ife tilibe. Ndiye wina anangoti tipinde mapeto a bwalo aloze kumwamba.

Tsiku lina tikudya, alamu anagubuduza nsawawa imodzi m'mbale mwawo mpaka inakwera m'mphepete n'kudumphira m'kapu mwanga.

"Mwaona alamu," anatero, "ndege ikamachoka pa chitunda imakhala isanayambe kuuluka. Liwiro limakhala lisanakwane. Imakhala mwala chabe umene waponyedwa m'mwamba. Koma mwalawu uli ndi injini imene ikuukankhabe, ndiye pamene ukukwera, ndi pamene ukuyamba kutsika, liwiro likuwonjezeka. Usanafike pamadzi umakhala utasanduka mbalame."

"Nanga ukapanda kusanduka?" ndinawafunsa.

"Ndiye kuti Jago mudzamuphunzitsa ndinu kumeta ndevu, ndipo Mulungu amuchitire chifundo mwanayo poona mmene mumadzichekera."

Ntchito yanga mukuidziwa. Ndimaima pambali pa ndege nditavala jekete lachikasu, kambendera kobiriwira kali m'manja. Ndikakatsitsa, woyendetsa amasiya mabuleki, ndipo kuchokera pamenepo palibenso zobwerera m'mbuyo. Nyanja ikakhala bata ndi ntchito yoti ngakhale mwana wanu Lowri akhoza kuigwira. Ikawinduka, sitima imagwada ndi kudzuka, ndipo ine ndimayenera kutsitsa mbendera pamene mphuno ikupita pansi, kuti ndege ikamafika pa chitunda ipeze mphuno ija ikukwera. Zimenezi palibe angakuphunzitse ndi pakamwa. Umazimva m'mawondo.

Lachinayi kunacha bwinobwino, kwa mitambo koma kopanda ukali. Ndege ziwiri zinanyamuka m'mamawa kukachita zoyeserera. Pofika chakumasana mphepo inatembenuka msanga kuposa mmene oona za nyengo ananenera, mitambo inatsika mpaka kutsala pang'ono kukhudza mlongoti, ndipo nyanja inasanduka mapiri otuwa. Anaziitana zonse ziwiri kuti zibwerere. Yoyamba inatera movutikira, ndipo anyamata anaimanga ndi maunyolo nthawi yomweyo. Yachiwiri sinayankhe.

Munali Alasdair Rennie, munthu wa ku Scotland wosalankhulalankhula, amene walowa m'gulu la alamu chaka chino. Magetsi a ndege yake anali atafa, wailesi inali zii, ndipo zida zomuuza kumene akulowera zinafera limodzi. Pa rada ankamuona ali pamwamba pa mitambo akuzungulira njira ya ngodya zitatu, chimene ndi chizindikiro cha munthu amene wasokera ndipo sakutha kumva kapena kulankhula. Iye sitima sankaiona. Akanati atsike yekha m'mitambo yakuda ija akanangodzidzimuka ali m'madzi, kapena akanatulukira kutali kumene kulibe chilichonse. Mphepo inkamukankhira kutali pang'onopang'ono, mafuta akutha. Ndipo madzi a kuno, achemwali, munthu akagweramo salira nthawi yaitali.

Njira inali imodzi yokha: wina akwere, akamupeze, amutsogolere kubwerera phiko ndi phiko. Koma kuuluka kunali kutaletsedwa kale, chifukwa sitima inkavina kupitirira muyezo umene malamulo amalola.

Anandiitana m'kachipinda ka magalasi kamene kamayang'ana pabwalo. Ndinapeza mkulu wa zouluka, bambo Carbery, ataimirira atagwira chitsulo kuti asagwe, ndipo pambali pawo panali alamu atavala kale zonse, chisoti chili m'khwapa.

"Probert," anatero bambo Carbery, "ndege yodzaza mafuta ungaitulutse pa nyanja iyi?"

"Singanyamuke osathamanga, bwana?"

"Ndi mafuta ochepa chotero ndikafika kumene kuli Rennie n'kusanduka wosokera wachiwiri," alamu anayankha. "M'pofunika chitunda."

Ndinawauza zoona. Ndinati mafunde akuchokera mbali ziwiri, akale a kumadzulo ndi atsopano a kumpoto, ndipo sitima sikuvina nyimbo imodzi. Ndinati ndikhoza kulondola, koma sindingalumbire.

"Alamu angawa akuopa achemwali awo, bwana," anatero a Denzil.

"Mukanakhala ndi nzeru bwenzi nanunso mukuwaopa," ndinawabwezera.

Bambo Carbery sanaseke. "Sindikulamula munthu. Mlamu wako Trewin wadzipereka yekha, ndipo Kaputeni wavomera. Koma mbendera ili m'manja mwako. Ukati ayi, ndi ayi, ndipo palibe adzakufunse chifukwa chake."

Achemwali, apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse. Ndikanatha kukana. Ndinaona nkhope yanu, ndinaona Lowri ataima pa geti ndi yunifolomu yake ya kusukulu, ndinaona Mayi. Ndinayang'ana alamu ndikuyembekeza kuti anena nthabwala ina, koma iwo ankangoyang'ana pa galasi la rada, pamene kadontho kamodzi kankazungulira kokhakokha. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Tiyeni tiyese, bwana."

Pabwalo munthu sukanaima chilili. Sitima inatembenuka kuloza kumphepo, ndipo matalala osakanikirana ndi madzi a mchere ankatimenya kumaso ngati mchenga. A Hoskin, mkulu wa anyamata a pabwalo, bambo wa imvi amene wakhala panyanja kuyambira ine ndili kusukulu, anaikokera ndege kumapeto kwenikweni kwa bwalo, mchira uli pamwamba pa madzi, kuti ipeze msewu wonse umene tili nawo. Maunyolo anawasiya omanga mpaka alamu atakhazikika. Atamaliza anabwera n'kundikuwira m'khutu.

"Bwana, alamu anuwa mukawaponya m'madzi, Khirisimasi mukadyera kuti?"

"Kwanu, a Hoskin."

"Ndiye muwaponye bwino. Mkazi wanga nyama amaiphika mpaka isanduke nsapato."

Injini inalira mpaka mano anayamba kugwedezeka m'kamwa. Alamu anandiyang'ana kudzera pagalasi n'kukweza chala chachikulu. Maunyolo anachoka. Ndinakweza mbendera, ndinatembenukira kutsogolo, n'kuyamba kudikira. Funde linabwera, ndinalisiya. Linabwera lina, ndinalisiyanso, chifukwa sitima inapendekera kumanzere. Ndinkadziwa kuti kuchedwa kwanga kukudya mafuta a Rennie, komanso kuti matayala a ndege yosamangidwa sachedwa kutsetsereka pa chitsulo chonyowa. Kenaka ndinamva chimene ndinkadikira. Sitima inakwera bwino, inaima kaye pamwamba, n'kuyamba kutsika mofatsa monga imachitira ikamakonzekera kudzukanso. Ndinatsitsa mbendera.

Ndege inandidutsa ngati bingu. Isanafike n'komwe pakati pa bwalo, mawondo anga anandiuza kuti zinthu zalakwika. Funde la kumpoto linatimenya m'nthiti, ndipo mphuno, m'malo modzuka, inanjenjemera n'kugweranso m'dzenje lina lakuya kuposa loyamba. Bwalo lonse linasanduka mtsetse wolowera m'nyanja. Kutsogolo kwathu kunaimirira khoma la madzi obiriwira, lalitali kuposa chitunda chomwe. Pa sitima zakale za bwalo lathyathyathya ndinaonapo zotere kamodzi, ndipo munthu wake sitinamupezenso.

Alamu sakanatha kuima. Panalibe malo. Anangopitirira, kutsetsereka kulunjika kumadzi, n'kukwera chitunda pa nthawi yomwe funde lija linkasweka pamphuno. Zonse zinasanduka zoyera, ndipo ndege sindinaionenso.

Chimene sindinachiganizire nthawi imeneyo ndi chakuti ngakhale sitima yonse inali itawerama, mlomo wa chitunda unali ukulozabe kumwamba. Pang'ono chabe, koma kumwamba.

Thovu litagwa, ndinaiona. Inali kutsogolo kwathu, m'malere, mphuno ili m'mwamba, madzi akuyenderera m'mapiko ngati mwanawang'ombe wongobadwa kumene. Inkayenda pang'onopang'ono moti ndinkaona ngati munthu wa njinga akhoza kuipitirira. Sinkauluka, achemwali. Ndakhala ndikutulutsa ndege zaka zonsezi ndipo ndimadziwa mmene ndege youluka imaonekera. Ichi chinali chitsulo cholemera ngati basi, chitangolenjekeka pakati pa mtambo ndi nyanja popanda chochigwira. Inasiya kukwera. Inayamba kutsika mwaulemu, ngati munthu wachikulire akukhala pampando. Mpweya wa injini unakumba chimbale chachikulu choyera pamadzi pansi pake, ndipo funde lina linkabwera kudzaipeza.

Mukukumbukira chilimwe chimene malemu Bambo anatitengera ku matanthwe a ku New Quay kukaona anapiye a mbalame za kunyanja akudumpha? Mapiko awo anali asanakhwime, koma ankadziponya basi, ndipo inu munatseka maso. Ine Lachinayi sindinatseke. Ndinaona ndi maso angawa nthawi yeniyeni imene kugwa kunatha. Sipanamveke phokoso lachilendo, sipanaoneke kugwedezeka. Ndege inangosiya kutsika, n'kukhala duu pamwamba pa funde, ngati ikumvetsera winawake. Kenaka mapiko anagwira mphepo. Inasefukira kutsogolo, liwiro likuwonjezeka, n'kukwera mosavuta ngati sipanachitike kanthu, ndipo mtambo unaimeza.

Ndinapezeka nditagwada bondo limodzi pa chitsulo, madzi akundidutsa m'miyendo, mbendera nditaifumbata ndi manja awiri. A Hoskin, munthu amene tchalitchi amangochionera panja, anali atavula chipewa mu mphepo imeneyo.

"Mwaona zimenezo, bwana?" anandifunsa patapita kanthawi.

"Ndaona."

"Chabwino. Ndimaganiza kuti ndaona ndekha."

Kudikira kunali kowawa koposa. Palibe amene anafuna kulowa m'kati kukafunda, ngakhale analibe chochita panja. Mawu a alamu ankatifika m'zomvera za m'makutu, odekha ngati akuitanitsa mowa ku bala ya kwanu ku Ilchester. Atabowola mitambo anati, "Kuno kuli dzuwa, anthu inu. Mukukhaliranji pansipo?" Pambuyo pake a rada ankangowauza kuti kumanja, kumanzere, pitirirani. Kwa nthawi yaitali sankaona kanthu koma mitambo yoyera itayalidwa mpaka kumapeto a dziko. Kenaka anati, "Ndamuona. Nayenso wandiona. Akugwedeza mapiko ngati galu woona mbuye wake." Rennie anawaonetsa ndi zala kuti mafuta atsala ochepa kwambiri, ndipo anayandikira mpaka phiko lake linatsala pang'ono kukhudza la alamu. Analowa m'mitambo chonchobe, Rennie osayang'ana china chilichonse koma nsonga ya phiko la mnzake, chifukwa ikanangomutayika mu mdima umenewo sakanaipezanso.

Ife tonse maso anali kumbuyo kwa sitima. Poyamba linamveka phokoso lokha. Kenaka pansi pa mtambo panatuluka ndege ziwiri, pafupi kwambiri ndi madzi, zikuyenda ngati zamangidwa ndi chingwe chimodzi. Rennie ndiye anayamba kutera. Anaima m'malere pambali pa sitima, anasendera pamwamba pa bwalo, ndipo bwalo litakwera kudzamuchingamira anangoigwetsa ndegeyo kuti khu. Anyamata anaidumphira ndi maunyolo isanatsetsereke. Amene anaiyang'ana pambuyo pake akuti mafuta otsala sakanamulola ngakhale kuzungulira sitima kuti ayesenso. Alamu anadikira m'mwamba mpaka malo atapezeka, n'kutera bwinobwino ngati akuimika galimoto pakhomo panu.

Rennie atatsika makwerero anangokhala pansi pamadzi pomwepo. Alamu anabwera n'kuima pambali pake.

"Mwachedwatu," anatero Rennie.

"Ndimadikira alamu angawa asankhe funde la kumtima kwawo."

Rennie anayesa kuseka koma sizinatheke. Anangowagwira mwendo wa thalauza alamu, monga amachitira Jago pakati pa anthu ambiri, ndipo sanausiye mpaka adokotala atafika.

Chakumadzulo, tisanadye, ndinawapeza alamu ali okha m'chipinda chosinthira zovala. Anali atakhala pa benchi, kapu ya tiyi ili pansi pakati pa mapazi awo. Ndinawafunsa chifukwa chake sakumwa, ndipo anandionetsa manja. Ankanjenjemera moti kapuyo sakanaigwira.

"Ndinatsitsa mbendera pa funde lolakwika," ndinatero.

"Ayi. Munatsitsa pa funde labwino, nyanja ndi imene inasintha maganizo. Zisiyeni zimenezo."

Kenaka anayamba kulankhula akuyang'ana kukhoma. Anati atalowa m'thovu muja sankaona kanthu, anangomva chitunda chikuwakankha kuchokera pansi, ndipo anatembenuza mpweya wa injini kuloza kumadzi monga mwa nthawi zonse, dzanja likuchita lokha. Anati atatuluka anamva ndege ikulemera, ikulemerabe, ndipo maganizo anali atapita kale pa chogwirira cha mpando wodziponyera kunja.

"Kenaka, alamu, zinangokhala ngati chikhatho chalowa pansi panga. Ndauluka kuyambira ndili mnyamata, koma nthawi zonse zimachitika msanga, sumazimva. Lero ndazimva zonse, pang'onopang'ono, mphepo ikubwera kudzandinyamula. Sindikudziwa kuti ndithokoze ndani."

Ndinawafunsa ngati anakuganizirani nthawi imeneyo. Ndikulemberani yankho lawo mmene analinenera, chifukwa inu simunakondepo bodza lokoma.

"Ayi," anatero. "M'mutu munalibe malo. Ndinamuganizira nditatera, nditazimitsa injini. Ndi pamene manjawa anayamba zimenezi." Kenaka anati, "Musamuuze."

Sindinawalonjeze. Ndinangotola kapu ija n'kuwagwirira kuti amwe.

Lachisanu nyanja inagona. M'mawa ndinayenda ndekha mpaka kutsogolo n'kukwera chitunda ndi mapazi. Ndi chokwera kuposa mmene chimaonekera, munthu umafika pamwamba uli wefuwefu. Ndinaima pamlomo pake, madzi ali pansi kutali, n'kuchiyang'ana bwinobwino koyamba. Chilibe injini, chilibe mapaipi, palibe kanthu kamene kamayenda. Ndi zitsulo zowotcherera basi, zopakidwa penti wokhakhala, ndipo m'mphepete mwayamba dzimbiri limene a Hoskin akukalipira nalo anyamata. Ndakhala ndikuganiza za munthu amene anayamba kuchilingalira, atakhala patebulo ndi pensulo kwinakwake kumtunda. Sindinakumanepo naye, ndipo iye alamu sakuwadziwa, Rennie sakumudziwa. Anangopinda mzere umodzi papepala, ndipo lero amuna awiri akhala nafe patebulo. Potsika ndinapeza kansomba katauma m'ngalande ya m'mbali, kamene funde lija linasiya. Ndinakaonetsa bambo Carbery, ndipo anakayang'ana nthawi yaitali.

Sindikunena kuti mukulakwa, achemwali. Inu ndi amene mumadzidzimuka galimoto yachilendo ikaima pa geti, ndipo ine amene ndilibe mkazi kapena mwana sindingakuphunzitseni za mantha amenewo. Alamu akadzasankha okha kutsika, katundu wawo ndidzawanyamulira ndine mpaka pa siteshoni. Mudzalankhule nawo nokha tikafika, ndipo mudzawauze zonse, chifukwa akuyenera kuzimva kuchokera kwa inu. Ine ndinaona chimene munthuyu ali, ndipo mpaka lero ndikamakumana nawo m'makwerero ndikumawapatukira ngati ndi mlendo wolemekezeka. Iwo akudabwa, akuti mwina ndadwala.

Tsopano pempho langa. Rennie ali ndi mkazi, dzina lake Catriona. Anasamukira ku Ilchester miyezi yapitayi, m'kanyumba ka chitseko chofiira kuseri kwa malo ophikira buledi, ndipo sadziwa munthu aliyense kumeneko. Ndi woyembekezera, mwana woyamba, akuti cha mu Januwale. Mwamuna wake wamulembera kuti wailesi inavuta pang'ono, basi. Dzulo Rennie anandiimitsa m'njira, nkhope ili yofiira ndi manyazi, n'kundifunsa ngati achemwali anga angakhale ndi mpata womuyendera. Mupiteko. Mutenge timakeke ta pachiwaya timene Mayi anakuphunzitsani. Za kalata ino musamuuze kanthu, zidzachokere kwa mwamuna wake nthawi yake ikakwana. Mungokhala naye, mumuuze kumene kuli azamba abwino, mumuyang'ane akuseka.

Mundiperekere moni kwa Mayi mukawaimbira lamya, muwauze kuti ndikudya ndiponso ndikupita ku mapemphero. Lowri mumuuze kuti chithunzi cha hatchi chimene anajambula ndachimata pamwamba pa bedi langa, ngakhale anzanga akulimbikira kuti ndi ng'ombe. Jago mumupsompsone pamutu. Tikuyembekezeka kufika kumayambiriro kwa Disembala, ngati akuluakulu sasintha.

Lero mapemphero atha, tadya, ndipo kulibe zouluka. Alamu agona m'chipinda choyandikana ndi changa. Khoma lake ndi la chitsulo chopyapyala, ndipo mkonono wawo mukuudziwa bwino kuposa ine. Miyezi yonseyi ndakhala ndikumenya khomali ndi nsapato kuti atembenuke. Masana ano ndaika cholembera pansi kangapo kuti ndiumvetsere, ndipo ndikanakhala ndi njira ndikanaupinda n'kuuika mu envulopu muno kuti nanunso muumve.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Emrys